Woswetsa mazira, wogulitsa mbewu ndi wosiyira khola: mungadziwe bwanji wodalirika?

Funso: Ndili ndi mathadzi 8 ndi tambala mmodzi kuseri kwa nyumba. Ndi nkhuku zija zofiirira zoikira mazira, ndinagula zili misoti. Zimaikira bwino koma palibe ndi imodzi yomwe imene imafungatira. Kwa masabata atatu ndinkapatula dzira limodzi kapena awiri patsiku mpaka anakwana 30, ndipo ndinakapereka kwa bambo ena amene ali ndi makina oswetsera mazira. Anapiye anatuluka 6 okha, awiri n'kufa sabata yoyamba. Iwo akuti vuto ndi mazira anga, ine ndikukayikira makina awo. Tsopano ndikufuna kugula mtundu wina wa nkhuku, komanso mwezi wamawa ndichokapo masabata awiri ndipo sindikudziwa kuti khola ndisiyira yani. Kodi anthu odalirika pa zinthu zitatuzi ndingawapeze bwanji?

Yankho: Mayi, woswetsa mazira, wogulitsa nkhuku zambewu ndi munthu wokusungirani khola amagwira ntchito zosiyana, koma onse atatu amalumikiza khola lanu ndi makola ena amene simunawaonepo. Njira imene thandizo likudutsa ndi yomweyo imene matenda amadutsa. N'chifukwa chake ine sindiyesa munthu ndi kukoma kwa pakamwa kapena unyinji wa omuyamikira. Ndimafuna kuona nkhuku zake, ndi kumva mafunso amene iye akundifunsa ndisanamupatse kanthu.

Tiyambe ndi mlandu wa mazira 30 aja, poti ndi umene ukukuwawani. Pa zimene mwalembazi, bambo aja sakunama kwenikweni. Dzira loti liswedwe silifuna kudikira. Likalowa m'makina lisanapitirire masiku 7 limakhala ndi mwayi wabwino, koma kupyola pamenepo mwayi umatsika tsiku ndi tsiku, ndipo pofika masabata atatu ambiri amakhala atatheratu mphamvu. Zimaipa kwambiri ngati anali m'chipinda chotentha, chifukwa kamwana ka m'dziramo kamayamba kukula masana n'kuima usiku, mpaka kufooka kasanaone n'komwe makina. Mazira oti aswedwe amafuna malo ozizirira, pafupifupi madigiri 12 mpaka 16, kosongoka kukhale pansi, ndipo tsiku lililonse muziwapendeketsa mbali ina. Mufiriji ayi, mumazizira mopitirira. Kuwatsuka ayinso: dzira limatuluka ndi kachikuto kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba, ndipo madzi amachotsa kachikutoko n'kulowetsa tizilombo mkati. Dzira lodetsedwa kwambiri ndi zitosi ndi lodya, si loswetsa. Ndi mathadzi 8 amene akuikira bwino, mazira 30 mukanawapeza m'masiku 5 mukanangosiya kudya mazira kwa masiku amenewo.

Komabe zimenezi sizikuwachotsera mlandu bambo aja. Woswetsa wodziwa ntchito salandira thireyi osafunsa kuti mazirawo ndi a liti, anasungidwa pati, ndipo tambala ndi wamkulu bwanji. Akanakufunsani, akanakubwezani tsiku lomwelo, ndipo mkangano sukanakhalapo. Chachiwiri, nkhani ya «ndi mazira anu» ndi «ndi makina anu» si yongoganizira, mazirawo amaulula okha. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, dzira likaunikidwa ndi tochi mumdima, lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira tofalikira mbali zonse. Loyera mbee mkati ndiye kuti linalibe mbewu ya tambala kapena linafa msangamsanga. Lokhala ndi mkombero wofiira wozungulira ndi loti linayamba kukula n'kufa. Ndipo masiku 21 akatha, otsalawo amaswedwa panja pa tsiku la 23 n'kuona zamkati. Ntchito yake ndi yonunkha, n'chifukwa chake ambiri amaithawa, koma ndi imene imaweruza.

Mukapeza ambiri alibe kanthu, chikasu chokhachokha, vuto lili kwanu: mazira okhalitsa, kapena tambala wokalamba, wodwala, wonenepa kwambiri, kapena amene amakonda mathadzi awiri atatu n'kusiya enawo. Tambala mmodzi amakwanitsa mathadzi 8 mpaka 12, choncho chiwerengero chanu chili bwino, koma muzimuyang'ana ngati akuwakwera onse. Mukapeza anapiye athunthu, aubweya, atafera m'chigoba osatha kugogomola, pamenepo diso lipite kumakina: chinyontho sichinali bwino, mpweya unachepa, mazira sankatembenuzidwa, kapena magetsi anazima nthawi yaitali. Tsiku loswera nalonso limanena zambiri. Anapiye otuluka pa tsiku la 19 kapena 20 akusonyeza kuti makina ankatentha kwambiri, otuluka pa 22 kapena 23 ankazizidwa, ngakhale kuti mazira okhalitsa nawonso amachedwa. Mchombo wosatsekeka bwino ndi zala zopindika nthawi zambiri zimachokeranso ku kutentha kosalongosoka. Awiri anu amene anafa sabata yoyamba akhoza kukhala kuti anazizidwa kwanu, poti mwanapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35 sabata imeneyo, koma akhozanso kukhala kuti anatenga tizilombo pamchombo m'makina osatsukidwa.

Mukapitanso kwa woswetsa, kaya yemweyo kaya wina, musachite manyazi kufunsa. Makina okhala ndi fani amayenera kukhala pa madigiri 37.5, ndipo kuphonya ndi digiri imodzi yokha kwa masiku angapo kumawononga mazira ambiri. Manambala amene makina amaonetsa pagalasi amanama kawirikawiri, choncho woswetsa wanzeru amaikamo choyezera kutentha china chapadera. Chinyontho chizikhala cha pa 50 mpaka 55 peresenti masiku 18 oyamba, kenako chikwere kufika 65 mpaka 70. Mazira atembenuzidwe kosachepera katatu patsiku ngati makinawo satembenuza okha, ndipo pa tsiku la 18 kutembenuza kuthe, chitseko chisatsegulidwenso mwachisawawa. Mufunseni kuti magetsi akazima amatani. Ngati yankho lake ndi loti «sazimazima kuno», ameneyo alibe njira ina.

Funso limene anthu amaiwala ndi lakuti m'makinamo muli mazira a yani. Pali matenda amene amachokera kwa thadzi kulowa m'dzira lenilenilo, monga pullorum, imene imatsegula m'mimba anapiye zitosi zoyera zomata kumbuyo, ndi mycoplasma, chifuwa chija chosatherapo. Mwanapiye wodwala akaswa, fumbi la ubweya wake limauluzidwa ndi fani kufikira anzake onse. Mungathe kupititsa mazira abwinobwino n'kubwerako ndi matenda a khola la munthu amene simukumudziwa. Woswetsa amene amalowetsa mazira atsopano tsiku lililonse m'makina amodzi omwewo sapeza mpata wowatsuka, ndipo chinyontho chimene akweza chifukwa cha mazira akuswa chimasokoneza amene angolowa kumene. Wabwino amalowetsa gulu limodzi, kapena ali ndi makina ena oswera masiku atatu omaliza, ndipo amatsuka gulu lina lisanalowe. Mazira anu mulembe ndi pensulo dzina ndi tsiku, ndipo mupemphe kuti pofika tsiku la 18 aikidwe m'kadengu kawokawo, chifukwa anapiye akatuluka dzina limatsala pachigoba. Za malipiro mugwirizane mazira asanalowe, ngati mukulipira pa dzira lililonse lolowa kapena pa mwanapiye wotuluka, ndiponso kuti mudzakhalapo pounika. Pa mazira 10 atsopano okhala ndi mbewu, makina oyendetsedwa bwino amatulutsa 7 kapena 8. Wokulonjezani onse 10 akukutengerani kumtoso.

Kunena zoona, pa khola laling'ono ngati lanu ine makina sindingawaike patsogolo. Thadzi lofungatira silisankha kuti dzira ndi la yani. Limatembenuza lokha, silidalira magetsi, ndipo likaswa limalera, ntchito imene makina sangagwire. Mathadzi awiri odziwa kufungatira, lililonse ndi mazira 10 mpaka 12 malinga ndi thupi lake, angakupatseni anapiye okwanira chaka chonse. Mumaliyesa kaye masiku awiri atatu ndi mazira osafunika kuti muone ngati latsimikiza, kenako usiku n'kusintha kuikapo mazira mukufunawo, onse tsiku limodzi. Chisa chikhale pachokha kuti anzake asamaikiremo atsopano, ndipo madzi ndi chakudya zikhale pafupi chifukwa limatsika kamodzi patsiku. Mdani wake wamkulu ndi utitiri. Thadzi likathawa mazira pakati pa ulendo, musanalinene kuti ndi laulesi kwezani udzu wa m'chisamo muone.

Izi zikutifikitsa pa chifukwa chimene nkhuku zanu sizifungatirira. Si matenda ayi. Zofiirira zoikirazo, monga ISA Brown, Lohmann Brown ndi Hy-Line Brown, zinapangidwa ndi makampani posankha makolo kwa mibadwo yambiri kuti ziziikira mazira pafupifupi 300 chaka choyamba. Thadzi likamafungatira limasiya kuikira, choncho khalidwe limenelo linachotsedwa dala. Komanso nkhuku zimenezi ndi zosakaniza mizere ingapo ya makolo imene kampani imasunga yokha. Ana ake satengera amayi awo ndendende, ena amaikira bwino, ena ayi, maonekedwe n'kusiyanasiyana. Chimodzimodzi za nyama monga Cobb ndi Ross, zimenezo n'zosayenera n'komwe kusungira mbewu.

Choncho musanafune woweta, dziwani chimene mukufuna. Ngati ndi mazira okha, pitirizani ndi zomwezi, n'kumagula misoti yatsopano zakalezo zikatopa. Ngati mukufuna khola lodzichulukitsa lokha, funani mtundu wokhazikika umene ana amafanana ndi makolo: Black Australorp, imene inachokera ku Australia, Rhode Island Red ya ku America, Sussex ndi Orpington za ku England, kapena Potchefstroom Koekoek ya ku South Africa. Orpington ndi Sussex zimafungatira ndithu, Leghorn pafupifupi ayi. Kuroiler ya ku India ndi Sasso ya ku France zimakula msanga ndipo zimapirira moyo wa panja, koma nazonso ndi zosakaniza, ndiye musayembekezere kuti zidzukulu zake zidzafanana ndi zimene munagula. Ndipo musanyoze nkhuku zamakolo za dera limene mukukhala. Zimaikira pang'ono, inde, koma pa kufungatira ndi kulera n'zovuta kuziposa, ndipo ziwiri zokha pakati pa zofiirira zanuzo zikhoza kuthetsa nkhani yonse ya makina.

Pa ogulitsa, siyanitsani woweta ndi wongogula n'kugulitsa. Wachiwiriyu amasonkhanitsa nkhuku za m'makola ambiri m'chitatanga chimodzi, sadziwa msinkhu wake, sadziwa ngati zinalandira katemera, ndipo akhoza kukhala munthu wachilungamo koma wosadziwa chimene wanyamula. Pali chinanso chimene alimi akale amachidziwa bwino: nkhuku zikayamba kufa pakhomo, ena amathamangira kugulitsa zotsala zisanaonetse zizindikiro. Nkhuku zotchipa modabwitsa, zambiri nthawi imodzi, muzizithawa.

Woweta weniweni ali ndi makolo a nkhuku zimene akugulitsa, ndipo angakuonetseni. Pitani komweko, osangodalira zithunzi za pafoni, ndipo musatumize ndalama kwa munthu amene khola lake simunalione. Akakuletsani kulowa m'khola n'kukuuzani kuti muonere kunja kwa waya, kapena akakupemphani kuponda m'mankhwala pakhomo, musakhumudwe. Ameneyo ndiye woyenera kugulako, chifukwa amene wakulolani inu kulowa ndi nsapato za kukhola kwanu analolanso ena dzulo. Imani phee kwa mphindi zingapo mumvetsere. Kuyetsemula, kukhosomola ndi kulira kwa m'khosi zimamveka nkhuku zikakhala chete, makamaka madzulo. Fungo la khola likamalasa m'maso, mapapo a nkhukuzo akhala akupuma zomwezo tsiku lililonse.

Imene mwasankha muigwire ndi manja anu. Maso akhale owala, opanda thovu, nkhope yosatupa, mphuno zouma. Lipombo likhale lofiira, lopanda zipsera zakuda za nthomba. Tsegulani nthenga kunsi kwa mapiko ndi kumbuyo muone nsabwe ndi mazira ake omata m'tsinde mwa nthenga. Mamba a miyendo akatukuka ndiye kuti muli tizilombo pansi pake, kapena nkhukuyo ndi yachikulire kuposa m'mene akunenera. Papasani fupa la pachifuwa: likamabaya ngati mpeni, nkhukuyo yaonda, nthenga zangobisa. Chinyengo chofala ndi kugulitsa mathadzi otopa ngati misoti yotsala pang'ono kuikira. Msoti umakhala ndi miyendo yosalala, nthenga zatsopano ndi lipombo limene langoyamba kufiira, ndipo pa mitundu ya miyendo yachikasu chikasucho chimakhala chowala, pamene thadzi limene laikira miyezi yambiri miyendo imayezuka. Mukamagula anapiye osasankhidwa, werengeranitu kuti pafupifupi theka adzakhala atambala.

Mufunseni za katemera, ndipo yankho likhale ndi maina ndi masiku, osati «zonse zinabayidwa». Wa Marek amaperekedwa tsiku loyamba mwanapiye atangoswa, ndipo akaphonya pamenepo kupereka mochedwa sikuthandiza kwenikweni. Matendawa, amene amapuwalitsa miyendo ya misoti, anafotokozedwa koyamba ndi József Marek wa ku Hungary mu 1907. Wa Gumboro amaperekedwa m'masabata oyambirira, chifukwa matendawa amakantha kwambiri anapiye a masabata 3 mpaka 6 n'kuwononga chitetezo cha m'thupi. Palinso wa nthomba wobaya papiko, ndi wa chitopa. Mufunsenso kuti tambala wake anamutenga kuti ndipo wakhala naye zaka zingati. Khola limene tambala akukwera ana ake ndi zidzukulu zake chaka ndi chaka limayamba kutulutsa mazira osukusa ambiri ndi anapiye ofooka. Inunso mudzatero: tambala musinthe pakatha chaka kapena ziwiri, ndipo asachokere khola limodzi ndi mathadzi.

Pa njira zolowetsera magazi atsopano m'khola, yotetezeka kwambiri ndi mazira ochokera kwa woweta wodalirika, kenako anapiye a tsiku limodzi, ndipo yoopsa kuposa zonse ndi nkhuku zazikulu. Zazikuluzo, ngakhale zioneke zathanzi chotani, zikhale pazokha masiku 30, kutali ndi khola lanu, osati kungogawa ndi waya. Zikhale ndi ziwiya zakezake, muziyamba kusamalira zanu zakale n'kumalizira zachilendo, ndipo nsapato zolowera uku zisalowe uko. Masiku 30 amaoneka ambiri, koma chitopa chimatha kubisala m'thupi kuyambira masiku 2 mpaka 15 chisanaonekere, ndipo nkhuku imene inachira mycoplasma kapena chimfine chotupitsa nkhope imanyamulabe tizilomboto moyo wake wonse, n'kuyambiranso kudwala ikasokonezeka ndi ulendo. Alimi ena masabata awiri omaliza amatenga nkhuku imodzi ya m'khola lakale n'kuiika pamodzi ndi zachilendozo. Ikadwala, ataya imodzi m'malo mwa zonse. Njirayi ndi yankhanzirako kwa imodziyo, koma ndimaivomereza.

Nanga anthu amenewa amapezeka kuti? Poyambira pabwino ndi dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa ziweto wa dera lanu, chifukwa iye amalowa m'makola ambiri ndipo amadziwa kumene nkhuku zimafa chaka ndi chaka ndi kumene sizifa. Mwina sangakuuzeni zoipa za munthu, koma mukamufunsa kuti iyeyo angagule kwa yani adzakuyankhani. Ogulitsa chakudya cha nkhuku amadziwanso amene amaweta mosadukiza. Zionetsero za ulimi ndi mabungwe a oweta ndi malo abwino odziwirana ndi anthu, koma osati ogulirako nkhuku n'kukaziponya m'khola tsiku lomwelo. Magulu a pa WhatsApp ndi Facebook amathandiza kupeza maina, kungoti amene amalemba kwambiri si amene amadziwa kwambiri. Mukapatsidwa dzina, pemphani kulankhula ndi munthu amene anagulako miyezi 6 yapitayo, osati sabata yatha. Funso lake ndi limodzi: mwa zimene munagula, zatsala zingati?

Njira yopezera anthu odalirika imene ine ndimaikonda kuposa zonsezi ndi kudzera pa katemera wa chitopa. Matendawa anadziwika koyamba mu 1926 pachilumba cha Java ku Indonesia komanso ku Newcastle upon Tyne ku England, ndipo mpaka lero akalowa m'khola losatemera amatha kupha pafupifupi zonse m'masiku ochepa. Alibe mankhwala. Katemera alipo wamitundu ingapo, monga La Sota ndi Hitchner B1 amene amafuna kusungidwa mozizira nthawi zonse, ndi I-2 amene anapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia kuti azipirirako kutentha. I-2 amadonthezedwa kadontho kamodzi m'diso, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi 3 kapena 4. Kabotolo kamodzi kamakhala ka nkhuku zambiri kuposa 9 zanuzo, ndipo kakatsegulidwa sikakhalitsa. Ndiye m'malo motaya kotsalako, yendani kwa onse oweta nkhuku pafupi nanu mugwirizane tsiku limodzi lotemera. Mupindula pawiri. Nkhuku za anansi zikatetezeka zanunso zatetezeka, poti chitopa sichiona mpanda. Ndipo pochita zimenezi mudzadziwa amene ali ndi thadzi lofungatira, amene ali ndi tambala wabwino, amene khola lake ndi laukhondo ndi amene amasunga nthawi. Wotemerayo asambe m'manja pochoka khola lina kupita lina, ndipo khola limene muli nkhuku zodwala asafikeko tsikulo.

Tsopano za ulendo wanu. Nkhuku zisasamuke, munthu ndiye abwere. Kuzipititsa kwa mnzanu woweta kuti zikakhale ndi zake kumatanthauza ndewu, kusiya kuikira, ndi kusinthana matenda popita ndi pobwera. Vuto lake n'lakuti munthu wodziwa nkhuku nthawi zambiri ali ndi zake, ndipo amabwera ndi za kukhola kwake kunsapato, pamene wopanda nkhuku sabweretsa matenda koma sazindikira msanga nkhuku ikayamba kufooka. Ine ndingasankhe wopanda nkhuku amene amakhala pafupi kwambiri, n'kumusiyira nambala ya woweta wodziwa ndi ya dokotala wa ziweto. Kuyandikira n'kofunika kuposa luso, chifukwa ntchitoyi ndi ya kawiri patsiku, ndipo munthu wokhala kutali tsiku lina mvula ikagwa adzati ndipita mawa. Ngati amene alipo ndi woweta, musiyireni nsapato ndi chovala chapakhola panu, ndi sopo pafupi.

Musamufotokozere pakamwa pokha tsiku lonyamuka. Abwere masiku awiri kapena atatu muli pomwepo, agwire ntchito yonse inu mukuona. Chachikulu ndi madzi. Thadzi loikira limamwa pafupifupi kotala la lita patsiku, kukatentha kuposa pamenepo, ndiye khola lanu likufuna malita opitirira awiri tsiku wamba. Zomwera zikhale ziwiri pamthunzi, kuti chimodzi chikagubuduka china chitsale. Nkhuku zikasowa madzi tsiku limodzi lotentha zimasiya kuikira kwa masiku angapo, zina kufa kumene. Chakudya ndi magalamu 110 mpaka 120 pa nkhuku patsiku, pafupifupi kilogalamu imodzi pa zonse 9. Mupimiretu m'timatumba ta tsiku lililonse, chifukwa munthu wachifundo amathira kwambiri, chakudya n'kutha masiku asanakwane, chotayikacho n'kuitana makoswe. Madzulo awerenge nkhuku asanatseke, ndipo atseke dzuwa litangolowa. Nkhuku zambiri zimene zimatayika mwini atachoka sizifa ndi matenda, zimagwidwa usiku umodzi umene chitseko chinaiwalika. Mazira atoledwe tsiku lililonse. Akaunjikana amasweka, nkhuku n'kulawa, ndipo zikazolowera kudya mazira n'zovuta kuzisiyitsa. Mazirawo mungamupatse ngati mbali ya malipiro, zimamupatsanso chifukwa choti asaphonye tsiku.

Mulembe papepala, mupachike pakhola, zoyenera kuchita zinthu zikavuta. Nkhuku imodzi ikazyolika, nthenga zitafufuma, osadya, aichotse aiike payokha ndi madzi, kenako aimbe foni. Asaipatse mankhwala ongomva kwa anthu. Maantibayotiki sapha tizilombo ta chitopa, ndipo nkhuku ikamwa mankhwala pamakhala masiku oti mazira ake asadyedwe, zimene mlendoyo sangadziwe. Zikafa ziwiri zitatu motsatizana, kapena akaona makosi opindika, zitosi zobiriwira ndi kupuma mobanika, asagwire ndi manja okha, asadye, asagulitse, asapatse agalu, ndipo adziwitse a zaziweto tsiku lomwelo. Chitopa choopsa ndi chimfine cha mbalame zimafanana poziona, ndipo onsewa ndi matenda amene maiko amayenera kuwanena ku bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse la WOAH, limene likulu lake lili ku Paris. Mumuuzenso poyera kuti nkhuku ikafa simudzamulipiritsa ngati wanena msanga. Munthu woopa mlandu amabisa yoyamba, ndipo mumadzamva zitafa zisanu.

Pa ndondomeko ya zinthu, popeza mukuchoka mwezi wamawa, musagule nkhuku iliyonse panopa ndipo musaike mazira paliponse. Nkhuku zachilendo ndi anapiye si katundu wosiyira munthu wongogwirizira. Chimene mungachite sabata ino ndi kutemera chitopa, chifukwa chitetezo chimatenga pafupifupi masabata awiri kuti chikhwime, kuyang'ana utitiri usiku ndi tochi m'ming'alu ya khola ndi m'mitengo yogonapo, kutseka mabowo, ndi kuyamba kumuzoloweza wosiyirayo. Mukabwerako ndiye mukaone woweta, mukonze kakhola kapadera ka masiku 30 kaja, ndipo ngati mukufunabe kuwayesanso bambo a makina aja, muwapatse mazira 12 a masiku osapitirira 5, olembedwa ndi pensulo, n'kupangana kuti pa tsiku la 8 mudzaunikira limodzi.